Kufulumira ndi kulondola pa Wikipedia: mafunso ndi mayankho

Munthu akafufuza pa intaneti dzina la mtsogoleri, la matenda kapena la mzinda, kawirikawiri tsamba la Wikipedia ndi limene limabwera koyambirira, ndipo ambiri amaliwerenga ndi chikhulupiriro chimene akadakhala nacho pa buku losindikizidwa. Komatu n'kutheka kuti tsambalo lasinthidwa mphindi zisanu zapitazo ndi munthu amene palibe akumudziwa. Mafunso otsatirawa akukhudza mmene insaikulopediya yolembedwa ndi anthu wamba imayesera kukhala yofulumira komanso yolondola pa nthawi imodzi, pamene imakwanitsa ndi pamene imalephera.

Kodi kukokanakokana pakati pa kufulumira ndi kulondola kudayamba liti?

Kudayamba Wikipedia isanabadwe n'komwe. Mu Malichi 2000, Jimmy Wales adayambitsa insaikulopediya ya pa intaneti yotchedwa Nupedia ndipo adalemba ntchito Larry Sanger kuti akhale mkonzi wamkulu. Nkhani zinkayenera kulembedwa ndi akatswiri, makamaka ophunzira kwambiri, ndipo iliyonse inkadutsa magawo asanu ndi awiri a kauniuni anthu asanaloledwe kuiwerenga. Ntchitoyo inali yosamala ndithu, koma inkayenda pang'onopang'ono kwambiri moti pamene Nupedia inkatsekedwa mu 2003, nkhani zimene zidamaliza magawo onsewo zinali zisanafike 30.

Wikipedia idatsegulidwa pa 15 Januwale 2001 ngati kantchito kapambali, malo oti anthu azilembapo zongoyambirira kuti pambuyo pake zikapetedwe ku Nupedia. Inkagwiritsa ntchito pulogalamu ya mtundu wa wiki, umene Ward Cunningham adauyambitsa mu 1995, wolola aliyense kusintha tsamba nthawi yomweyo popanda kupempha chilolezo. Pomatha chaka choyamba inali ndi nkhani pafupifupi 20,000. Mu 2025 Wikipedia ya Chingerezi yokha idadutsa nkhani 7 miliyoni, ndipo lero ilipo m'zilankhulo zoposa 300.

Nupedia sidafe chifukwa cholemba zolakwika ayi. Idafa chifukwa wowerenga akafikapo sankapeza chimene wadzera, ndipo kusowa kwa nkhani nakonso n'kulephera, ngakhale kuti sikuoneka monga mmene bodza limaonekera. Zonse zimene Wikipedia yakhala ikuchita kuyambira pamenepo ndi kuyesa kubwezeretsa kusamala kwa Nupedia pang'ono ndi pang'ono, popanda kutseka khomo limene lidaipatsa moyo.

Ngati aliyense angathe kusintha tsamba, n'chiyani chimaletsa kuti zonse zisasanduke mabodza?

Choyamba n'chakuti tsamba lililonse limasunga mbiri yake: amene adasintha, tsiku ndi nthawi, mawu amene adachotsa ndi amene adaikapo. Munthu akafufuta nkhani yonse n'kulembapo zotukwana, wina amangobwezeretsa mmene tsambalo linalili podina kamodzi kapena kawiri. Wowononga amavutika kuposa wokonza, ndipo zimenezi zimagwetsa ulesi anthu ambiri amtopola.

Chachiwiri ndi maso. Akonzi ozolowera amakhala ndi mndandanda wa masamba amene amawalondera, ndipo ena amatha madzulo onse akuyang'ana mzere wa zosintha zimene zikungolowa kumene. Kafukufuku amene Fernanda Viégas, Martin Wattenberg ndi Kushal Dave adatulutsa mu 2004 adapeza kuti theka la masamba amene adafufutidwa dala linkabwezeretsedwa pasanathe mphindi zitatu. Kuyambira mu 2010, Wikipedia ya Chingerezi ili ndi pulogalamu yodzichitira yokha ntchito yotchedwa ClueBot NG, imene imazindikira zowononga zoonekeratu n'kuzibweza m'masekondi ochepa, munthu asanazione n'komwe.

Chachitatu ndi lamulo lakuti mfundo iliyonse imene wina angaitsutse iyenera kusonyeza gwero lodalirika limene lidasindikizidwa kale. Mkonzi saloledwa kulemba zimene wafufuza yekha, ngakhale zitakhala zoona, ngakhale atazionera yekha ndi maso. Lamuloli limawawa kwa amene akudziwadi chinthu koma alibe buku lomuikira kumbuyo, komabe ndi limene limatheketsa kuti anthu awiri osadziwana aunikane: safunsana za madigiri, amangotsegula gwerolo n'kuona ngati likunenadi zimene zalembedwa.

Nanga cholakwika chimakhala nthawi yaitali bwanji chisanakonzedwe?

Zimatengera mtundu wa cholakwikacho ndiponso tsamba limene chili, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pa 20 Januwale 2009, tsiku limene Barack Obama ankalumbiritsidwa, Ted Kennedy, phungu wa nyumba ya Senate ku United States, adadwala mwadzidzidzi pa chakudya chamasana. Posakhalitsa tsamba lake lidanena kuti wamwalira, ndipo la phungu mnzake Robert Byrd lidalembedwanso chimodzimodzi. Onse awiri anali moyo. Mabodzawo adachotsedwa m'mphindi zochepa chifukwa masamba amenewo anali ndi anthu miyandamiyanda owayang'ana tsiku limenelo.

Koma taonani mbali inayi. Mu 2005 wina adalemba kankhani kakafupi konena za mulungu wa Aaborijini a ku Australia wotchedwa Jar'Edo Wens. Mulungu wotero sadakhaleko chiyambire, koma kankhaniko kadakhala pa Wikipedia mpaka mu 2015, pafupifupi zaka khumi. Nkhani ina yaitali, yofotokoza nkhondo yotchedwa Bicholim imene amati idachitika pakati pa Apwitikizi a ku Goa, ku India, ndi ufumu wa Maratha mu 1640 ndi 1641, idalembedwa mu 2007 ndipo idafika popatsidwa chizindikiro cha nkhani yabwino. Idachotsedwa kumapeto kwa 2012 pamene mkonzi wina adayesa kufunafuna mabuku amene nkhaniyo inkatchula n'kupeza kuti kulibe. Pa Wikipedia ya Chitchaina, mkonzi wodziwika ndi dzina lakuti Zhemao adapeka nkhani zoposa 200 za mbiri yakale ya dziko la Russia, zolumikizana bwino lomwe, zokhala ndi mafumu, nkhondo ndi mgodi wa siliva, ndipo zidaululika mu 2022 pamene wolemba nthano wina ankafufuza zoti agwiritse ntchito m'buku lake.

Zitsanzo zimenezi zikuonetsa kuti liwiro la Wikipedia limagwira bwino bodza laphokoso, koma siligwira bodza laulemu, lolembedwa m'chilankhulo chabwino, lokhala ndi timanambala ta magwero, pa mutu umene anthu ochepa amauwerenga. Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo tsamba limene lilibe munthu wachiwiri woliyang'ana likhoza kusunga cholakwika kwa zaka zambiri popanda womufunsa. Choncho funso lofunika pa tsamba lililonse si lakuti lidalembedwa mofulumira kapena mochedwa, koma lakuti ndi anthu angati odziwa mutuwo amene adalipenda.

Kodi pali munthu amene adavulazidwapo ndi zolakwika zotere?

Alipo, ndipo wodziwika kwambiri ndi John Seigenthaler, mtolankhani wa ku Tennessee, ku United States, amene adagwirapo ntchito ndi Robert Kennedy, mng'ono wake wa Pulezidenti John Kennedy, ndipo anali mmodzi mwa onyamula bokosi pa maliro ake. Mu Meyi 2005 munthu wina wosalembetsa dzina adalemba pa Wikipedia kuti Seigenthaler ankaganiziridwa kuti adatengapo mbali pa kuphedwa kwa John Kennedy ndi Robert Kennedy. Bodzalo lidakhala pamenepo miyezi inayi, ndipo masamba ena amene ankakopera nkhani za Wikipedia adalifalitsanso. Seigenthaler adalemba dandaulo lake m'nyuzipepala ya USA Today kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho. Amene adalemba bodzalo atapezeka, adati ankangofuna kuseketsa mnzake wa kuntchito.

Nkhaniyi idasintha zinthu. Mu Disembala 2005 Wikipedia ya Chingerezi idaletsa anthu osalembetsa kuyambitsa nkhani zatsopano, ndipo padakhazikitsidwa malamulo okhwima okhudza nkhani za anthu amoyo. Malamulowo amanena kuti mfundo yokayikitsa yokhudza munthu wamoyo, ngati ilibe gwero lodalirika, ichotsedwe nthawi yomweyo popanda kudikira zokambirana. Pano liwiro lili ku mbali ya kusamala, ndipo m'pake, chifukwa mbiri ya munthu ikaipa imachedwa kuyera ngakhale tsamba litakonzedwa.

Kodi mabuku akale monga Encyclopaedia Britannica sanali olondola kuposa Wikipedia?

Mu Disembala 2005 magazini ya sayansi ya Nature idapereka nkhani 42 za sayansi kuchokera ku Wikipedia ndi ku Britannica kwa akatswiri, osawauza kumene iliyonse idachokera. Akatswiriwo adapeza zolakwika 162 m'nkhani za Wikipedia ndi 123 m'nkhani za Britannica, kutanthauza pafupifupi zinayi pa nkhani iliyonse mbali imodzi ndi zitatu mbali inayo. Zolakwika zazikulu zinali zinayi mbali iliyonse. A Britannica adatsutsa kwambiri mmene kafukufukuyo adachitikira, koma a Nature sadabweze mawu awo.

Kafukufukuyu ndi wakale, adangotenga nkhani za sayansi, komanso za Chingerezi zokha, choncho si nzeru kumutenga ngati umboni wa Wikipedia yonse. Chimene adaonetsa n'chakuti kuchedwa pakokha sikubala kulondola. Buku losindikizidwa likalakwitsa, cholakwikacho chimakhala pashelefu mpaka kope lina litatuluka, ndipo zimene zinali zoona pa tsiku losindikiza zimatha ntchito dziko likamasintha. Britannica, imene idayamba kusindikizidwa ku Edinburgh mu 1768, idalengeza mu 2012 kuti yasiya kusindikiza mabuku ake 32 ndipo izingopezeka pa intaneti.

Zimatha bwanji nkhani ikakhala kuti ikuchitika kumene, monga imfa ya munthu wotchuka?

Pamene pali chilengezo chomveka, zinthu zimayenda mofulumira modabwitsa. Imfa ya Mfumukazi Elizabeth II italengezedwa madzulo a pa 8 Seputembala 2022, tsamba lake lidasinthidwa pasanathe mphindi zingapo, ndipo akonzi adagwira ntchito usiku umenewo kusintha masamba ena ambirimbiri amene ankamutchula ngati wolamulira.

Vuto limabwera pamene magwero enieniwo akutsutsana, ndipo Amalawi amadziwa bwino mmene zimenezi zimakhalira. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adakomoka ku Lilongwe pa 5 Epulo 2012. Pofika pa 6 Epulo, nyumba zofalitsa nkhani za kunja zinkanena kuti wamwalira potengera zimene zidamva kwa madokotala ndi anthu ena a m'boma, pamene boma lenilenilo linali lisanavomereze. Chilengezo chidabwera pa 7 Epulo, tsiku limene Joyce Banda adalumbiritsidwa, ndipo pambuyo pake kafukufuku wa boma adatsimikiza kuti imfayo idachitika pa 5 Epulo. Munthu wolemba insaikulopediya m'masiku ngati amenewo amakhala pamphambano: akadikira chilengezo cha boma, tsamba limanena zimene sizilinso zoona, akathamangira mphekesera, tsiku lina adzaika m'manda munthu wamoyo.

Njira imene malamulo a Wikipedia amalimbikitsa ndi kulemba amene wanena, osati kugamula. M'malo molemba kuti wakutiwakuti wamwalira, mkonzi amalemba kuti nyumba yofalitsa nkhani yakutiyakuti yalengeza za imfayo potengera madokotala, ndipo boma silinatsimikize. Chiganizo chotero chimakhalabe choona ngakhale zinthu zitatembenuka mawa. Pamwamba pa nkhani zotere pamaikidwanso chenjezo lakuti zinthu zikusintha mofulumira ndipo malipoti oyambirira akhoza kukhala osadalirika. Chimodzimodzi ndi ziwerengero za ngozi zikuluzikulu: chiwerengero cha omwalira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 chinkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo nambala yotero ikalembedwa popanda tsiku ndi dzina la amene adaitulutsa imasokeretsa wowerenga.

Kodi n'zoona kuti atolankhani amakopera zolakwika kuchokera pa Wikipedia?

N'zoona, ndipo zikatero pamabuka vuto lozungulira limene ndi lovuta kulithetsa. Mu Febuluwale 2009 Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, wina adawonjezera dzina lakuti Wilhelm pa mndandanda wautali wa mayina ake. Nyuzipepala zingapo, kuphatikizapo Bild ndi Spiegel Online, zidakopera mndandandawo mmene unalili. Akonzi ena a Wikipedia atakayikira dzinalo n'kulichotsa, lidabwezeretsedwa, ulendo uno likusonyeza nyuzipepala ngati gwero. Bodza lidatuluka pa Wikipedia, kukasamba ku nyuzipepala, n'kubwerera likuoneka ngati mfundo yotsimikizika.

Mwezi wotsatira, wopeka nyimbo za m'mafilimu wa ku France, Maurice Jarre, atamwalira, wophunzira wina wa ku Dublin adapeka mawu okoma n'kuwaika pa tsamba lake ngati kuti adawanena ndi malemuwo. Akonzi a Wikipedia adawachotsa kangapo chifukwa analibe gwero, koma pa nthawi yochepa imene adakhalapo, olemba mbiri za malemu m'nyuzipepala zingapo, kuphatikizapo The Guardian, anali atawatenga kale. Pa nkhani imeneyi anthu ongodzipereka adasamala kuposa atolankhani olipidwa amene ankathamangitsana ndi nthawi yosindikizira.

N'chifukwa chake akonzi amapendanso magwero enieniwo. Mu 2017 Wikipedia ya Chingerezi idagwirizana kuti nyuzipepala ya Daily Mail isamagwiritsidwe ntchito ngati gwero pa nkhani zambiri, chifukwa cha mbiri yake yosatsimikiza bwino zimene imalemba.

Bwanji osangoika lamulo lakuti chilichonse chiziunikidwa chisanaonekere?

Ena adayesa. Kuyambira mu Meyi 2008, pa Wikipedia ya Chijeremani zimene munthu watsopano kapena wosalembetsa wasintha sizioneka kwa owerenga wamba mpaka mkonzi wozolowera atazivomereza. Njirayi imatchinga zotukwana ndi zamtopola, koma wounikayo kwenikweni amayang'ana ngati palibe kuwononga koonekeratu, satsimikiza mfundo iliyonse, ndipo ounika akachepa zosintha zabwino zimaunjikana pamzere. Wikipedia ya Chingerezi idayesa njira yofananayo mu 2010 ndipo idaikhazikitsa mu 2012 pa masamba ochepa okha amene amavutitsidwa kawirikawiri.

Chimene imagwiritsa ntchito kwambiri ndi kutseka masamba mosiyanasiyana, ndipo tsamba lotsekedwa limaoneka ndi kachizindikiro ka loko pamwamba. Masamba ena amasinthidwa ndi okhawo amene akaunti yawo yatha masiku 4 ndipo asinthapo ka 10. Ena ovuta kwambiri, monga okhudza mikangano ya mayiko, amafuna akaunti ya masiku 30 imene yasinthapo ka 500. Ndipo mkangano ukafika povuta, oyang'anira okha ndiwo amaloledwa kukhudza tsambalo. Palinso lamulo loletsa munthu kubweza zimene ena asintha koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24, kuti anthu asiye kulimbirana n'kupita kukakambirana.

Larry Sanger, atasiyana ndi Wikipedia, adatsegula insaikulopediya ina ya pa intaneti yotchedwa Citizendium mu 2007, kumene olemba ankayenera kugwiritsa ntchito mayina awo enieni ndipo akatswiri ankavomereza nkhani. Nkhani zovomerezedwa sizidafike 200. Zimene zidachitikira Nupedia zidabwerezeka.

Ndipo kusamala kopitirira muyeso kuli ndi mtengo wake umene owerenga samauona. Donna Strickland, katswiri wa sayansi wa ku Canada, atalandira mphoto ya Nobel mu Okutobala 2018, padalibe nkhani yake pa Wikipedia ya Chingerezi, chifukwa miyezi ingapo m'mbuyomo wounika wina adakana nkhani imene idaperekedwa ponena kuti magwero ake sakuonetsa kuti ndi wodziwika mokwanira. Mu Seputembala 2007 Jimmy Wales mwiniwake adayamba kankhani konena za Mzoli's, malo ogulitsira nyama yowotcha amene anali otchuka ku Gugulethu mumzinda wa Cape Town, ndipo woyang'anira wina adakafufuta patangotha mphindi 22, ngakhale kuti pambuyo pake kadabwezeretsedwa. Kufufuta nako kumatha kuchitika mothamanga, ndipo kawirikawiri kumagwera mitu ya ku Africa ndi madera ena kumene nyuzipepala ndi mabuku opezeka pa intaneti n'zochepa.

Nanga nkhani za umoyo, kumene cholakwika chikhoza kupha munthu?

Kumeneku Wikipedia ya Chingerezi idasankha dala kuchedwa. Malangizo ake a nkhani za mankhwala ndi matenda amati mfundo zizichokera m'zolemba zimene zaunika kafukufuku wambiri pamodzi, m'mabuku ophunzitsira madokotala kapena m'malangizo a mabungwe akuluakulu a zaumoyo, osati m'kafukufuku mmodzi watsopano kapena m'nkhani ya m'nyuzipepala.

Mliri wa COVID-19 udaonetsa phindu la kuuma mtima kumeneku. Mu Malichi 2020 gulu la ofufuza ku Marseille, ku France, lidatulutsa zotsatira zochokera kwa odwala ochepa kwambiri zosonyeza ngati hydroxychloroquine, mankhwala apachibale ndi chloroquine amene kale ankachiza malungo, amathandiza pa matendawa. Nkhaniyo idafalikira dziko lonse m'masiku ochepa ndipo atsogoleri ena andale adaikweza. Pofika mu Juni 2020, kafukufuku wamkulu wa RECOVERY ku Britain, wokhudza odwala masauzande, adapeza kuti mankhwalawo sathandiza ogonekedwa m'chipatala, ndipo zolemba za ku Marseille zija zidachotsedwa ndi magazini imene idazisindikiza mu Disembala 2024. Lamulo lokana kudalira kafukufuku mmodzi lidapangidwira nthawi ngati imeneyo. Mu Okutobala 2020 bungwe la World Health Organization lidagwirizana ndi Wikimedia Foundation, bungwe limene limasamalira Wikipedia, kuti zithunzi ndi zofotokozera zake za mliriwo zizigwiritsidwa ntchito mwaulere pa Wikipedia.

Ngakhale zili choncho, tsamba la Wikipedia si dokotala, ndipo mlingo wa mankhwala suyenera kutengedwa pamenepo.

Kodi zimene zanenedwazi zimagwiranso ntchito pa zilankhulo zokhala ndi olemba ochepa, monga Chichewa?

Mbali zambiri sizigwira, ndipo ili ndi funso limene liyenera kutidetsa nkhawa kwambiri. Chitetezo chonse chimene tafotokozachi chimadalira kuchuluka kwa anthu. Kumene akonzi ndi owerengeka, khomo limakhala lotseguka chimodzimodzi koma alonda palibe.

Mu Ogasiti 2020 zidadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 pa Wikipedia ya chilankhulo cha Scots, cholankhulidwa ku Scotland, zidalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankachidziwa chilankhulocho. Adayamba ali ndi zaka pafupifupi 12, ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo ankatenga ziganizo za Chingerezi n'kusintha mawu amodziamodzi pogwiritsa ntchito dikishonale. Adachita zimenezi kwa zaka zambiri popanda womuletsa chifukwa olankhula Scots amene ankalondera masambawo anali ochepa zedi. Iye sadaname pa mfundo, chimene chidawonongeka chinali chilankhulo chenichenicho. Wikipedia ya Cebuano, chilankhulo cha ku Philippines, ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, koma zochuluka kwambiri zidapangidwa ndi pulogalamu yotchedwa Lsjbot ya Sverker Johansson wa ku Sweden, ndipo ndi tinkhani tifupitifupi ta mitundu ya zamoyo ndi mayina a malo timene palibe gulu la anthu lingathe kutiunika tonse.

Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu olankhula chilankhulochi ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Yesero lalikulu pa malo otere ndi kudzaza masamba mwamsanga pomasulira nkhani za Chingerezi ndi makina. Zotsatira zake zimakhala ziganizo zokhala ndi mawu a Chichewa koma mafupa a Chingerezi, nthawi zina zotembenuza tanthauzo, ndipo popeza owerenga odziwa kukonza ndi ochepa, zimakhala pamenepo osakhudzidwa. Ngakhale Wikipedia ya Chingerezi, ndi unyinji wa akonzi ake, mu 2016 idachepetsa kugwiritsa ntchito makina omasulira itaona kuchuluka kwa nkhani zosakonzedwa zimene zinkalowa. Kwa ife, nkhani khumi zolembedwa ndi munthu wodziwa Chichewa, zokhala ndi magwero amene wina angawatsegule, n'zaphindu kuposa chikwi chimodzi chotuluka m'makina.

Kodi mapulogalamu a AI monga ChatGPT asintha nkhaniyi?

Awonjezera liwiro ku mbali yolemba popanda kuwonjezera ku mbali younika. Pulogalamu yotere imatha kulemba nkhani yooneka bwino m'masekondi ochepa, yokhala ndi mayina a mabuku amene kulibe, pamene munthu amafunika ola lathunthu kuti atsimikize magwerowo limodzi ndi limodzi. Mu Ogasiti 2025 akonzi a Wikipedia ya Chingerezi adagwirizana kuti nkhani zoonekeratu kuti zidalembedwa ndi makina popanda munthu kuziunika, monga zokhala ndi magwero opeka, zizifufutidwa mwamsanga osadikira zokambirana za masiku asanu ndi awiri zimene zimachitika kawirikawiri.

Wowerenga angadziwe bwanji ngati tsamba ndi lodalirika?

Yambani ndi timanambala timene tili kumapeto kwa ziganizo. Dinani kamodzi pa mfundo imene mukuifuna kwambiri, tsegulani gwerolo, ndipo onani ngati likunenadi zimenezo komanso ngati lidatuluka mfundoyo isanalembedwe pa Wikipedia, kuti musagwe m'vuto lozungulira lija. Ndime yaitali yopanda nambala ndi imodzi yomwe, kapena yokhala ndi chizindikiro chopempha gwero, muitenge ngati chinthu chimene wina wanena koma sichinatsimikizidwe.

Kenako tsegulani mbiri ya tsambalo. Mukaona kuti anthu ambiri akhala akulikonza kwa zaka zingapo, mwayi woti cholakwika chachikulu chabisala umachepa. Mukaona kuti munthu mmodzi adalemba zonse tsiku limodzi ndipo palibe wina adabweranso, chenjerani, makamaka ngati nkhaniyo ikuyamikira kwambiri kampani kapena wandale, kapena ikumunyoza. Tsamba la zokambirana, limene limakhala pambali pa nkhani iliyonse, nalonso limaulula mfundo zimene akonzi sakugwirizana. Pa nkhani imene yangochitika maola ochepa apitawo, ndi bwino kudzawerenganso patapita masiku angapo musanaigwiritse ntchito pa chinthu chofunika.

Ophunzira a m'sukulu za ukachenjede amauzidwa kuti asamatchule Wikipedia ngati gwero m'zolemba zawo, ndipo malangizowo ndi oyenera. A Wikipedia eniake amanena zomwezo. Ntchito yake ndi kukupatsani chithunzithunzi cha mutu ndi kukulozerani ku mabuku ndi zolemba zimene mungazitchule.

Ndikapeza cholakwika, ndichite chiyani?

Ngati ndi chowononga choonekeratu, dzina lolembedwa molakwika kapena chiganizo chokhota, konzani nthawi yomweyo ndipo mulembe mwachidule chifukwa chake m'kabokosi kofotokozera zimene mwasintha. Ngati mukusintha tsiku, nambala kapena mfundo, ikani gwero limene mwaitenga, chifukwa kusintha kopanda gwero kumabwezedwa kawirikawiri ngakhale kutakhala koona. Wina akabweza zimene mwalemba, musalimbane naye pa tsambalo. Pitani ku tsamba la zokambirana mukafotokoze modekha ndi kusonyeza umboni wanu. Tsamba likakhala lotsekedwa, mukhoza kupempha kumeneko kuti mkonzi wololedwa akusinthireni, mutatchula mawu enieni ofunika kuchotsedwa ndi ofunika kuikidwa.

Ngati nkhaniyo ikunena za inu, za abwana anu kapena za kampani yanu, malangizo a Wikipedia amati musaikonze nokha koma muulule ubale wanuwo ndi kupempha ena pa tsamba la zokambirana, ndipo amene akulipidwa kuti alembe amakakamizidwa kuulula amene akuwalipira. Koma mawu opanda gwero oipitsa mbiri ya munthu wamoyo, aliyense, kuphatikizapo mwini wakeyo, angawachotse pompopompo, ndipo ngati akubwezeretsedwa mobwerezabwereza, nkhaniyo ikhoza kutumizidwa pa imelo kwa gulu la akonzi ongodzipereka limene limayankha madandaulo otere.